Kuuluka popanda ndege: zimene woyamba kumene amakumana nazo

Munthu akalumpha m'ndege asanatsegule parachuti, liwiro lake silimangokwera mpaka kufika pansi. Pakapita masekondi ochepa, mphamvu ya mphepo yomuomba kuchokera pansi imalingana ndi kulemera kwa thupi lake, ndipo ngati wagona chafufumimba amagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Masewera otchedwa indoor skydiving anangotembenuza mfundo imeneyi: munthu amakhala pamalo amodzi, imene imathamanga ndi mphepo.

Malo ake ndi chipinda chozungulira ngati nkhokwe, chotchingidwa ndi galasi, ndipo pansi pake pamakhala ukonde wa waya. Mafani akuluakulu amayendetsa mpweya chokwera, pamene woyendetsa makina, yemwe amakhala kunja kwa galasi, amawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu yake potengera kulemera kwa amene walowa.

Woyamba kuuluka motere anali Jack Tiffany, m'chaka cha 1964, pamalo a asilikali a ndege a Wright-Patterson ku Ohio m'dziko la America. Lero ndi masewera a aliyense wokhoza kulipira. Chipinda cha CLYMB ku Abu Dhabi, chomwe chinatsegulidwa mu 2019, n'chotalika mamita oposa 30.

Wobwera koyamba amavekedwa ovolosi, chipewa choteteza mutu, magalasi ndi zotsekera m'makutu. Kenako amaphunzitsidwa zizindikiro za manja, chifukwa m'katimo phokoso la mphepo limameza mawu onse. Mlangizi amalowa naye limodzi ndipo amakhala pafupi kuti amugwire akayamba kupendama.

Chovuta si mantha a kutalika, pakuti woyamba kumene nthawi zambiri amayandama pafupi ndi ukonde. Chovuta ndi thupi lake lomwe. Mphepo ikamunyamula, munthu amafuna kudzipinda, kupalasa miyendo kapena kuyang'ana pansi, ndipo zonsezi n'zimene zimamusokoneza. Mpweya umamvera kaimidwe ka thupi: dzanja limodzi likatsika pang'ono, munthu amayamba kuzungulira, akawongola kwambiri miyendo amapita kutsogolo, akaipinda amabwerera m'mbuyo. Chofunika ndi kukankhira chiuno pansi, kudzutsa chibwano, kutambasula manja n'kulekerera thupi. N'zosavuta kunena, koma pa mphepo yotere ngakhale masaya amakupiza okha.

Ulendo umodzi wa woyamba umatenga pafupifupi mphindi imodzi. Ena angaone ngati n'kubera anthu ndalama, komabe nthawiyi ikufanana ndi imene wolumpha m'ndege pamtunda wa mamita 4,000 amakhala akugwa asanatsegule parachuti.

Pali anthu amene sayenera kulowamo. Amayi oyembekezera saloledwa, ndipo odwala mtima, msana kapena khosi amauzidwa kuti ayambe aonana ndi dokotala. Chenjezo lalikulu limapita kwa amene phewa linawagulukapo kale: mphepo imakankhira mikono m'mwamba mwamphamvu moti likhoza kugulukanso. N'chifukwa chake funso la phewa limakhala pa fomu imene munthu amasayina asanavale ovolosi, ndipo wobisa zoona pamenepo amadziika yekha pangozi.