Achinyamata Akuda a ku Amereka ndi Matenda a Maganizo

Tonse tidziŵa kuti munthu akadwala malungo amapita kuchipatala. Nanga akadwala maganizo? Tulo osabwera, nsima osaloŵa, kumangolira payekha, mwinanso kuganiza zodzipha. Ameneyunso ndi wodwala ndipo afunika thandizo. Lero tiŵerenge za achinyamata ena a ku Amereka amene amavutika kupeza thandizo lotere.

Kodi achinyamata ake ndi ati?

Ndi anyamata ndi atsikana akuda. Ena ndi anyamata amene mtima wao umakonda anyamata anzao, kapena atsikana okonda atsikana anzao. Kwaoko ambiri amadzitcha queer. Ena anabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima amadzimva kuti ndi akazi, kapena anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadzimva kuti ndi amuna. Aŵa amatchedwa trans.

Mwina mufunsa kuti, kodi kukhala chotere si matenda amene? Madokotala akuti iai. Mu 1973 bungwe la American Psychiatric Association linachotsa kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha m'buku lake la matenda a maganizo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linachita chimodzimodzi mu 1990, ndipo mu 2019 linagamula kuti kukhala trans nakonso si matenda a maganizo.

Nanga chimaŵadwalitsa nchiyani?

Mwana wotere amasenza akatundu aŵiri nthaŵi imodzi. Kunja amamusala chifukwa cha khungu lake. Akabwerera kunyumba, kumene akanapumulako, amaopanso kunyozedwa, kumenyedwa kapena kupitikitsidwa. Mantha a tsiku ndi tsiku ameneŵa ndiwo amafooketsa maganizo.

Mu 2009 Caitlin Ryan ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa achinyamata oposa 200 a ku California. Mwa amene abale ao anaŵakana kotheratu, kuyesa kudzipha kunali kochuluka ka 8 poyerekeza ndi amene abale ao sanaŵakane. Taonani kukula kwake kwa mau a kholo!

Bwanji osangopita kwa dokotala?

Zifukwa zake ziripo. Choyamba ndi ndalama, pakuti chipatala ku Amereka nchodula. Chachiŵiri, akatswiri a maganizo akuda alipo ochepa: pa 100 alionse, akuda ndi 4 kapena 5 basi. Chachitatu ndi mbiri yoŵaŵa. Kuyambira 1932 mpaka 1972, ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama, madokotala a boma anasiya amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osaŵachiza, kuti aone m'mene matendawo amaonongera thupi. Mankhwala a penisilini atapezeka, sanaŵapatsebe. Mabanja akuda sanaiŵale zimenezi.

Tsono ganizani mtsikana wakuda amene walimba mtima nkupita kwa phungu. Akafotokoza za tsankho, phunguyo akuti, mwina ukungoganiza. Akafotokoza za amai ake ndi tchalitchi, phunguyo akuti, ingoŵasiya. Kodi mtsikanayu abwereranso? Sangabwerere.

Phungu wodziŵa kwao kwa mwana

Thandizo lenileni ndi lija lolemekeza chikhalidwe chimene mwana wakuliramo. Phungu wotere amachita izi:

1. Amamvetsera. Mwana akanena kuti anasalidwa kusukulu kapena apolisi anamuimitsa popanda chifukwa, samutsutsa.

2. Amamuitana ndi dzina limene mwiniwake afuna. Mu 2018 Stephen Russell ndi anzake anapeza kuti achinyamata a trans oitanidwa ndi dzina lodzisankhira kunyumba, kusukulu, kuntchito ndi pakati pa anzao, nkhaŵa ndi maganizo odzipha zimachepa.

3. Sanyoza banja kapena chipembedzo. Kwa anthu akuda a ku Amereka tchalitchi chakhala pothaŵira kuyambira nthaŵi ya ukapolo. Phungu wanzeru amakhala pansi ndi makolo opemphera nkuŵaonetsa kuti angathe kusunga chikhulupiriro chao koma nkuleka kutukwana, kumenya ndi kupitikitsa mwana.

4. Amasunga chinsinsi. Saulula za mwana kwa anthu amene angamuchite chipongwe.

5. Amazindikira abale amene mwana wadzipezera. Ku Harlem, mu mzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, Crystal LaBeija ndi anzake anayambitsa magulu otchedwa nyumba. Wamkulu wa gulu ankatchedwa mai, ndipo ana okanidwa kwao ankapezako chakudya, pogona ndi malangizo. Nyumba zotere ziripo mpaka lero.

Thandizo lipezeka kuti?

Mu 2016 Erica Woodland anayambitsa bungwe la National Queer and Trans Therapists of Color Network. Bungweli liri ndi mndandanda wa aphungu pa intaneti, kuti wachinyamata apeze phungu wofanana naye khungu ndi moyo. Bungwe la The Trevor Project, limene linayamba mu 1998, limayankha mafoni a achinyamata oganiza zodzipha usana ndi usiku. Mu 2022 dziko la Amereka linatsegula nambala ya 988 ya aliyense wothedwa nzeru. Gawo lake lapadera la achinyamata a queer ndi trans linatsekedwa mu July 2025, koma nambalayo ikugwirabe ntchito.

Mau kwa inu

Nkhaniyi ndi ya kutali, koma mwana wovutika maganizo apezeka pena paliponse. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana akanena zofuna kufa, musati akuseŵera. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala, chingwe ndi mpeni pafupi naye, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zina zonse mudzakambirana iye ali moyo.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi akatundu aŵiri amene achinyamataŵa amasenza ndi ati?
2. Nchifukwa chiyani mabanja ena akuda amakayika madokotala?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene phungu wabwino amachita.
4. Mwana atakuuzani kuti afuna kudzipha, mungachite chiyani?