Kabawi m'phunziro la zachilengedwe

Mwana wa ku Domwe kapena ku Ulónguè amadziwa kabawi asanalowe m'kalasi, pakuti ndiye amakuwa kuti anapiye athawire kwa make. Tiyambire pamenepo. Mbalameyi imafika cha mu Ogasiti, n'kuchoka mvula ikamatha. Mchira wake wamphanda ndiwo chiwongolero. Imagwira ndi zikhadabo, ndipo mlomo wokhotawo ndi wong'ambira nyama. Sidalira anapiye okha: imatsata moto wa m'tchire kudya ziwala zothawa, imawakha inswa m'malere, imatolanso nyama zogundidwa pamsewu. Ana ena adzatsutsa, ndipo tiwalole atsutse m'Chinyanja. Dzina la Chipwitikizi, milhafre, lidze pambuyo. Tikayamba nalo, adzangoloweza mawuwo osazindikira kuti ndi mbalame yomwe anaipirikitsa dzulo.