Ulimi wa Mazira: Ntchito ya Odziwa Kuwerengera

Mlimi wa ku Shimabala ali pakati pa misika iwiri, Kafue kum'mwera ndi Lusaka kumpoto, ndipo dzira silisowa wogula. Chimene chimasowa ndi anthu odziwa kulipeza mopindulitsa.

Thadzi limayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20. Lisanafike pamenepo, ladya kale ndalama za anapiye, chakudya ndi katemera wa chitopa ndi gumboro. Nkhuku 100 zimadya makilogalamu pafupifupi 12 patsiku, ndipo zikasamalidwa bwino zimapereka mathireyi pafupifupi 3, lililonse la mazira 30. Madzi akasowa tsiku limodzi, kapena kuwala kukachepera maola 16, mazira amatsika msanga. Wophunzira wosalemba m'buku adzazindikira zimenezi ndalama zitatha kale.

N'chifukwa chake kholali ndi sukulu. M'menemo mumatuluka oyang'anira makola, olera misoti yogulitsa ikatsala pang'ono kuikira, osakaniza chakudya cha chimanga, soya ndi laimu, othandiza madokotala a ziweto, ndiponso amalonda opereka mazira m'masitolo ndi ku msika wa Soweto. Onsewa amadalira maso akuthwa, ukhondo ndi kaundula woona.

Nkhuku imaikira ngakhale pa Sabata. Choncho wophunzira amazolowera kukonzeratu chakudya Lachisanu, kuchita zofunika zokha pa tsiku lopatulika, ndi kusiya malonda mpaka dzuwa litalowa. Olemba ntchito amafunafuna munthu wokhulupirika chotere, pakuti amatha kumusiyira kiyi wa khola.