Kusankha mjigo kuli ngati kusankha mbewu

Mayi akamasankha mbewu ya chimanga sayang'ana kukula kwa chisononkho kokha. Amafunsa: chikonoka bwino mumtondo, kapena chingothera ku gaga? Anankafumbwe achisiya mpaka liti m'nkhokwe? Mvula ikadula msanga, chicha? Ndipo mafunsowa salemera mofanana. Pabanja lopanda ndalama ya mankhwala othira m'chimanga, la anankafumbwe ndilo lalikulu. N'chifukwa chake ena amakakamirabe chamakolo ngakhale akudziwa kuti haibulidi amabereka kwambiri.

Mainjiniya akakhala ndi mapulani angapo a chinthu chimodzi amachitanso zomwezi, koma papepala. Stuart Pugh, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Strathclyde ku Scotland, anatchuka ndi njira yosavuta. Mulembe kaye zonse zimene chinthucho chiyenera kukwanitsa: mtengo, kulimba, kukonzeka kwake. Mutenge pulani imodzi ikhale muyeso. Zinazo muziyerekeze ndi imeneyo, funso ndi funso: ikaposa muike +, ikachepa muike -, zikafanana muike S. Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti mafunso amalembedwa mtima usanagwe pa pulani iliyonse, ndipo mawu a bwana sangaphimbe zimene zili papepala.

Mphamvu ya funso limodzi imaoneka bwino pa mjigo. M'zaka za m'ma 1980 mijigo yambiri m'midzi ya mu Africa inkangokhala yakufa, kudikira amisiri a boma. Mjigo wa India Mark II ndi wolimba ndithu, koma chikaonongeka cha pansi pamafunika kuzula mapaipi onse achitsulo, olemera zedi, ndi zida zapadera. Opanga mjigo wa Afridev, ntchito imene inayambira kuno ku Malawi n'kukapitirira ku Kenya, anaika patsogolo funso lina: kodi eni mudzi angaukonze okha?

Yankho lake mumaliona komiti ya m'mudzi ikamakonza mjigowu. Sipanala imodzi yokha, ndodo n'kumatuluka imodziimodzi, mapaipi apulasitiki ali phee m'chitsime. Labala wakutha amasinthidwa tsiku lomwelo, madzulo amayi n'kutunga.

Zina opanga Afridev anazilolera dala. Mabushi apulasitiki ndi malabala amatha msanga, ndipo mjigowu sunapangidwire madzi akuya kupitirira mamita 45. Choncho mudzi ukamalandira Afridev, pamndandanda wa mafunso pasasowe ili: zipangizo zosinthira zikugulitsidwa pa golosale iti, ndipo ndalama yake azisonkha ndani?