Masanje a Wanda ku Westview

Pamasanje sipalephera kukhala mwana mmodzi wogawa maudindo: iwe bambo, iwe mayi, iwe mwana, iwe fisi. Nyumba ndi yamapesi, miphika ndi zitini, ndipo aliyense amadziwa kuti dzuwa likapendeka amayi aitana, banjalo litha. WandaVision, sewero la magawo 9 limene Marvel inaonetsa pa Disney+ kuyambira Januwale mpaka Malichi 2021, ndi masanje otero, kungoti wogawa maudindoyo ndi namfedwa wa mphamvu zamatsenga amene safuna kumva zoti kwada.

Wanda Maximoff, amene mbali yake amasewera Elizabeth Olsen, maliro amuchulukira. Makolo ake anafa ndi bomba ku Sokovia iye ali mwana. Pietro, mlongo wake amene anabadwa naye mapasa, anaphedwa ndi loboti yankhanza yotchedwa Ultron. Vision, mwamuna wa kumtima kwake, anafa kawiri iye akuona: poyamba m'manja mwa Wanda yemweyo, kenako m'manja mwa mdani wawo Thanos, atabweza nthawi m'mbuyo. Atapita kukapempha mtembo kuti akauike m'manda, a bungwe la S.W.O.R.D. anamuonetsa thupi lophwasulidwa ngati makina, n'kumukaniza.

Ndiye anapita ku Westview, m'boma la New Jersey, pa puloti imene Vision anagula kuti adzamangepo, nalira mpaka tauni yonse inasandulika. Vision anadzuka, nyumba inaima, ana amapasa Billy ndi Tommy anabadwa n'kufika zaka 10 m'masiku ochepa. Magawo ambiri akutengera masewero oseketsa a pa TV a ku America, kuyambira opanda mitundu a m'ma 1950, chifukwa ndiwo ankaonera ndi makolo ake bomba lisanagwe. M'masewero amenewo vuto limatha theka la ola lisanakwane, ndipo safa munthu.

Apa ndi pamene masanjewa aipira. Oyandikana nawo nyumba si ana odzera okha kudzasewera. Ndi anthu enieni a m'tauniyo, opatsidwa maina achilendo, oseka pokakamizidwa, olota maloto oopsa a Wanda usiku. Ana awo amatsekeredwa m'zipinda mpaka atafunika m'sewero. Monica Rambeau wa bungwe la S.W.O.R.D. lija, amene analowa m'tauniyo, atangotchula dzina la Ultron, anaponyedwa kunja kwa mpanda wamatsenga wozinga tauniyo ngati mwana wosokoneza masewera. Ngakhale Vision yemwe anayamba kufunsa chifukwa chake sakumbukira moyo wake asanafike ku Westview.

Oonera ambiri ankadikira kuti pabwera chiwanda china chodzasenza mlandu. Anapezeka Agatha Harkness, mfiti ya ku Salem yonamizira kukhala mnansi wokonda miseche, ndipo Kathryn Hahn anaisewera mokoma zedi. Koma Agatha anangodzera fungo la mphamvu. Mpanda sanamange ndiye.

Pamapeto Wanda anagwetsa yekha mpandawo, podziwa kuti Vision ndi ana atha nawo pamodzi. Mmene akuwagoneka anyamatawo komaliza, misozi imalengeza ndithu. Komabe olemba, motsogozedwa ndi Jac Schaeffer, anamumasula msanga. Anthu a ku Westview angomuyang'ana ndi diso lofiira, Monica wamumvera chisoni, iye wauluka ulendo. Pa nkhani ya chisoni seweroli linafika penipeni, koma mlandu wosunga tauni yonse muukapolo linauzemba.