FUMBI LOSAONEKA: TIDZITETEZE BWANJI KU CHEZA CHA NYUKILIYA?

Ife a ku Chitipa tikamapita ku Karonga timadutsa pafupi ndi mgodi wa Kayelekera, kumene amakumba miyala ya yureniyamu. Kampani ya Paladin inatsegula mgodiwu mu 2009, nkuimitsa ntchito mu 2014. Mu 2020 unagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Popeza mgodiwu ndi mnansi wathu, nkofunika kuti tidziwe za miyalayi.

Kodi cheza cha nyukiliya nchiyani?

Yureniyamu amatulutsa mphamvu ina yonga cheza. Chezachi sichioneka, sichinunkha, ndipo sichimveka pakhungu. Chikachuluka m'thupi chimaononga tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, ndipo patapita zaka chingathe kuyambitsa khansa.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Bomba la nyukiliya likaphulika, monga ku Hiroshima mu 1945, kapena malo opangira magetsi a nyukiliya akachita ngozi, monga ku Chernobyl mu 1986, fumbi lapoizoni limakwera kumwamba, mphepo nkulimwaza kutali, kenaka limagwera m'minda ndi m'madzi. Ku Chernobyl fumbilo linagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, ana anamwa mkaka, ndipo ana zikwi zingapo anadwala khansa ya chithokomiro.

Mgodi sungaphulike ngati bomba, ndipo cheza chake nchochepa kwambiri poyerekeza ndi cha ngozi zimenezi. Komabe njira yolowera m'thupi ndi yomweyo: mpweya, madzi ndi chakudya. Pa mgodi tiyenera kusamala ndi fumbi, zotsalira za miyala, madzi ochokera m'madamu a zinyalala, ndiponso mpweya wotchedwa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo, makamaka kwa osuta fodya.

Tingadziteteze bwanji?

1. Tisatole miyala, mchenga, migolo kapena zitsulo za ku mgodi. Mgolo wotere si wosungiramo madzi kapena kufululiramo mowa.

2. Ogwira ntchito ku mgodi azivala zodzitetezera, azisamba asanaweruke, ndipo zovala za ku ntchito zisafike kunyumba.

3. Galimoto yonyamula yureniyamu ikagwa, tisathamangireko kukaonerera. Titalikire, tiime kumene mphepo ikuchokera, ndipo tidziwitse apolisi.

4. Tikamva kuti fumbi lapoizoni lamwazika, tilowe m'nyumba, makamaka ya njerwa, titseke zitseko ndi mawindo, ndipo timvetsere wailesi.

5. Ngati fumbi latigwera, tivule zovala zapamwamba, tizimange m'pepala la pulasitiki, ndipo tisambe ndi sopo popanda kukhula khungu.

6. Tivundikire mitsuko, zitsime ndi chakudya. Ana ndi amayi oyembekezera tiziyamba ndiwo kuwateteza.

Ufulu ndi udindo wathu

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za mphamvu ya nyukiliya, ndipo bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority ndilo lili ndi udindo woteteza anthu ku chezachi. Popeza maso athu sangachione, timadalira makina oyezera. Nchifukwa chake ndi ufulu wathu kufunsa, kudzera mwa mafumu, makhansala ndi aphungu, kuti madzi ndi mpweya ziziyezedwa, ndipo zotsatira zake azitiuza m'zilankhulo zathu. Kufunsa si kudana ndi chitukuko ayi.

Mafunso okambirana

a) Kodi madzi amene timamwa amachokera kuti?
b) Ngozi itachitika lero, tingadziwitse yani poyamba?