NJANJI ZA MASITIMA OTHAMANGA: BWANJI ENA AMANGA MSANGA, ENA ACEDWA?

Alimi anzanga a ku Mzimba, ambiri a inu mwamva pa wailesi, kapena kwa ana anu amene ali pa nchito ku Johannesburg, za masitima a pamtunda othamanga koposa galimoto iri yonse. Ena mwakhala mukufunsa pa misonkhano yathu ya zaulimi ngati tsiku lina sitima yotere idzafika kuno. Funso limeneli si lacibwana ai. M'cigawo conse ca Kumpoto mulibe njanji ngakhale ya mkono umodzi, ndipo njanji yapafupi ndi ife iri ku Lilongwe ndi ku Chipata. Tsono tiyeni tione mtengo wace wa cinthu cimeneci, ndi cifukwa cace maiko ena acimanga msanga pamene ena angotaya ndarama.

Sitima imene tiri kunena pano ndi yoyenda makilomita 250 kufikira 350 pa ora limodzi. Kucokera pa Boma la Mzimba kufika ku Lilongwe pali makilomita pafupi-fupi 280. Ulendo umene basi iuyenda theka la tsiku, sitima yotere ingaumalize pa ora limodzi. Anayamba ndi a ku Japan. Iwo anagwira nchito kuyambira 1959, ndipo mu October 1964 anatsegula njanji ya makilomita 515 pakati pa Tokyo ndi Osaka. Zaka zisanu zokha. Koma ndarama zimene anaononga zinafika pafupi kawiri pa zimene anawerengera poyamba.

Amene adabwitsa dziko lonse ndi a ku China. Njanji yao yoyamba yothamanga kwambiri, ya pakati pa Beijing ndi Tianjin, inatsegulidwa mu 2008. Pofika 2023 anali atapitirira makilomita 40,000, kuposa maiko ena onse pamodzi. Njanji ya kucokera ku Beijing kufika ku Shanghai, ya makilomita 1,318, anaiyamba mu 2008 naitsegula mu 2011. Mukawerengera bwino, ndiye kuti tsiku liri lonse anali kutsiriza kilomita imodzi ndi kanthu pamwamba. Mu 2014 a World Bank analemba kuti ku China kilomita imodzi idya madola a ku America mamiliyoni 17 kufikira 21, pamene ku Europe idya mamiliyoni 25 kufikira 39.

Tsono onani ku California, dziko la anthu olemera ku America. Anthu anabvomereza njanji yao pa cisankho ca 2008, atauzidwa kuti idzadya madola mabiliyoni 33. Nchito inayamba mu 2015. Mtengo unakwera kupitirira mabiliyoni 100, ndipo zaka khumi zinatha palibe munthu anakwerapo sitima. Ku England nako nkhani ndi yomweyo. Njanji yao yochedwa HS2 inayenera kucokera ku London kufika ku Manchester, koma mu 2023 Boma lao linaidula kuti ilekezere ku Birmingham, cifukwa ndarama zinali kungomira.

Nanga kusiyana kotere kucokera pati? Citsulo ndi cimodzi-modzi, simenti ndi imodzi-modzi. Ena ati n'cifukwa cakuti anchito a ku China alandira malipiro ocepa. Zimenezo n'zoona pang'ono, koma si mutu wa nkhani.

Inu amene munamangapo cigafa ca fodya mudziwa kuti coyamba cibvuta, caciwiri cipepukako, ndipo pofika cacisanu simuyesanso ndi cingwe pakuti maso anazolowera. A ku China anacita cimodzi-modzi. Anasankha muyeso umodzi wa milatho, naumba mitanda ya simenti yofanana m'mabwalo a pafupi ndi nchito, ndipo makina amodzi-modzi anali kuinyamula ndi kuiyala. Gulu la amisiri likatsiriza njanji ina silibalalika ai, lingosamukira pa njanji ina ndi zipangizo zace zomwe. Koma dziko limene limanga njanji imodzi pa zaka makumi awiri liyamba ngati mwana nthawi zonse. Ligula makina atsopano, liphunzitsa anthu atsopano, ndipo akangodziwa nchito, nchitoyo yatha.

Cina cacikuru ndi malo. Sitima yothamanga siingakhote-khote ngati njira ya ngolo yolambalala culu. Ifuna njira yoongoka, ndipo njira yoongoka ipyola m'minda, m'manda ndi m'midzi ya anthu. Ku California anayamba kumanga asanatsirize kugula malo. Alimi a zipatso a m'cigwa ca Central Valley anapita ku makhoti, ndipo makampani omanga anakhala pansi ndi makina ao, nalipiritsa Boma pa masiku onse odikira. N'cimodzi-modzi kubwereka ng'ombe zolimira, kumazilipira tsiku ndi tsiku, mlandu wa malire a munda usanathe kwa a Inkosi. Ku England, pofuna kusasokoneza midzi ndi nkhalango, anaboola pansi pa mapiri a Chiltern njira ya makilomita 16. Anamanganso denga lalitali pamwamba pa njanji kuti sitima isagunde mileme, ndipo mu 2024 mkuru wa kampaniyo anaulula kuti denga lokhalo ladya mapaundi pafupi-fupi mamiliyoni 100. Mileme yomweyo imene ife tiitulutsa m'kalasi ndi utsi!

Koma musafulumire kutama China. Kumeneko nthaka si ya munthu payekha, ndipo mlimi akauzidwa kuti asamuke mau ace sapita patali. Ngongole ya njanjizo ndi yaikuru zedi, ndipo mu July 2011 masitima awiri anagundana pafupi ndi Wenzhou, nafa anthu 40. Ine ndiyesa kuti mlimi amene munda wace uli pa njira ya njanji angakonde kukhala ku California. Mwini thumba la Boma angakonde ku China.

Mu Africa muno sitima yothamanga yeni-yeni inayambira ku Morocco. Nchito inayamba mu 2011, ndipo mu November 2018 anatsegula njanji yocokera ku Tangier kufika ku Kenitra, makilomita pafupi-fupi 200, pa mtengo woposa madola mabiliyoni awiri. Gautrain imene ana athu aiona ku Johannesburg kuyambira 2010 ithamanga makilomita 160 pa ora, cotero siifika pa gulu limeneli.

Kuti timve bwino za kufulumira ndi kucedwa sitifunika kupita kutali. Njanji ya TAZARA, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi ya makilomita 1,860, yopyola m'mapiri ndi m'madambo oopsa. Inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975 ndi ngongole ya ku China imene inabvomerezedwa nchito isanayambe. Imeneyo ndi kilomita imodzi pa tsiku. Tsono njanji ya Mchinji kufika ku Chipata, makilomita 27 okha, inayambidwa mu 1982, ndarama zinasowa, nchito inaima, ndipo inatsegulidwa mu 2010. Imeneyo ndi kilomita imodzi pa caka. Inu a ku Embangweni ndi ku Edingeni amene mwadikira phula zaka zambiri mudziwa momwe mvula icitira ndi nchito yosiyidwa pakati: cimene anaunda caka catha acionanso citakokoloka, ndipo alipira kawiri.

Njanji imene inamangidwa msanga m'dziko lathu masiku ano ndi ya malasha, yocokera ku Moatize kupyola ku Neno ndi ku Nkaya kufika ku Nacala, makilomita 912, yotsegulidwa mu 2017. Inafulumira cifukwa katundu wace anali wodziwika kale, ndipo eni malasha anali nazo ndarama m'manja. Cimodzi-modzi njanji yoyamba imene inafika ku Blantyre mu 1908 inatsata thonje, fodya ndi tiyi wa ku Mwera. Njanji itsata katundu wocuruka wopezeka pa malo amodzi, ndipo n'cifukwa cace inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, koma kuno ai.

Tiwerengere tsono. Titatenga mtengo wochipa koposa wa ku China, mamiliyoni 17 pa kilomita, njanji yothamanga ya Mzimba kufika ku Lilongwe ingadye madola oposa mabiliyoni anai ndi theka. Ndaramazo ziri ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a cuma conse cimene Malawi apanga pa caka cathunthu. Pamwamba pace ifunika magetsi osazima, ndi anthu zikwi-zikwi okwera tsiku liri lonse. Ndiponso sitima zotere zinyamula anthu, osati matumba. Cimanga ca ku Champhira, nyemba za ku Khosolo, soya wa ku Luwerezi, matimati ndi anyezi a pa Jenda sizingakweremo.

Thumba la feteleza silifuna makilomita 300 pa ora. Likafika m'mwezi wa October pa mtengo wonyamulira wocepa, lafika bwino, ngakhale litayenda makilomita 50 pa ora. Cotero ngati nkhani ya njanji ya Kumpoto ibwera pa msonkhano wa kwanu, funsani ngati iri ya katundu, ngati ndarama zace zonse zapezeka, ndiponso pamene padzakhale siteshoni. Ndipo anthu oyesa malo akadzayamba kukhoma zikhomo m'minda, onetsetsani kuti malire, mitengo ya zipatso ndi manda zalembedwa pamaso pa a nyakwawa, ndi cipukuta misozi calipiridwa, thirakitala isanalowe.